Kanoledwe ka mivi yosakira nyama, mmene ndimachitira ine kuno ku Mangochi

Ndili mnyamata kwathu cha ku Namwera, nguluwe inatisowetsa mtendere m'munda wa chinangwa wa agogo, usiku uliwonse kufukula, m'mawa kukapeza mizere yonse ili bwalabwala. Ankolo anga anaidikirira usiku wina mwezi ukuwala, anailasa ndithu, koma muvi womwe anagwiritsa unali woti wakhala patsindwi chilimwe chonse osaukhudza. Unangolowa pang'ono paphewa, nguluwe inathawa nawo. Patapita masiku anayi tinaipeza kudambo chifukwa cha fungo, bala lili mphutsi zokhazokha, ndipo zinkaonekeratu kuti yakhala ikudzikoka pansi isanafe. Agogo aamuna sanakalipe, anangolowa m'nyumba, kutulutsa mivi yonse, kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mwala wawo wonolera ndi madzi m'chikho, nde amvekere "mdzukulu bwera ukhale apa, uziona manja angawa." Zambiri zomwe ndilembe apa ndinayamba kuziona tsiku limenelo, zina ndinaonjezera achimwene anga atabwera kuchokera ku Joni komwe ankagwira ntchito pa famu ya nyama ku Limpopo, anabweretsa timitu ta mivi ta kusitolo timene amati broadhead.

Anthu ambiri sadziwa kuti muvi supha ngati mfuti. Chipolopolo chimabwera ndi mphamvu yoopsa, chimaphwanya. Muvi ulibe mphamvu ngati imeneyo olo uta ukhale wolimba bwanji, ntchito yake ndi kudula, udule mitsempha ya magazi ndi mapapo kuti nyama itaye magazi msanga igwe pafupi. Tsono mitsempha ili ngati mphira, chitsulo chobuntha chikafika pamenepo chimangoukankhira pambali mtsempha uja n'kudutsa osaudula. Komanso taganizirani mukadzicheka ndi lezala pometa, magazi ake safuna kusiya, pomwe mukakhulika pamwala bala limaoneka loopsa koma magazi amagwirana msanga. Bala losalala limataya magazi ambiri kuposa long'ambika. Azibale athu achisilamu amadziwa bwino nkhani imeneyi, mukaone shehe akamazinga mbuzi pa Idi, mpeni amayamba aunola kaye mpaka akhutire, kuti chiweto chisazunzike. Muvi nawonso ndi chimodzimodzi.

Tisanagwire tupa ndinene izi poyera, chifukwa sindikufuna wina adzalowe m'mavuto n'kumati ndinamutuma ndine. Kusaka m'malo otetezedwa ndi mlandu. Kuno kwathu ndekuti Lake Malawi National Park ku Cape Maclear uko, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, Liwonde National Park yomwe a bungwe la African Parks anayamba kuyang'anira mu 2015, nkhalango ya Mangochi Forest Reserve yomwe anaionjezera mu 2018, komanso Namizimu ndi Phirilongwe. Lamulo la National Parks and Wildlife Act analikhwimitsa mu 2017, pa nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka munthu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Olo kunja kwa malo amenewa nyama zambiri zimafuna chiphaso, nde pitani kaye ku ofesi ya za nyama zakutchire mukafunse, ngakhale nkhani ikhale ya nguluwe yoononga kumunda, auzeni amfumu ndi a ofesiyo musanachite kanthu. Basi, tibwerere ku chitsulo.

Yambani mwadziwa kuti mutu wa muvi womwe muli nawo ndi wamtundu wanji, chifukwa kanoledwe kamasiyana. Pali yathu yosula kuchipala, yooneka ngati tsamba, ina ili ndi mano obwerera m'mbuyo, mchira wake umalowa m'bango n'kumangidwa. Yosula ndi msomali wa mainchesi 6 chitsulo chake ndi chofewa, imanoleka msanga koma imabunthanso msanga, pomwe yosula ndi sipiling'i ya galimoto kapena sowo yakutha imatenga nthawi kuti ithwe koma ikathwa imakhalitsa. Kenako pali ma broadhead a kusitolowa, amamangidwa ndi sikuluu kumapeto kwa muvi. Ena ali ndi timipeni tiwiri, ena titatu, ena amanoledwa mbali imodzi yokha ngati tchizulo ya kalipentala, amenewo amati single bevel. Kulemera kwake amayeza mu grain, ambiri ndi 100 kapena 125, ndekuti magalamu pafupifupi 6.5 kapena 8. Ndatchula kulemeraku dala, chifukwa mukamanola mukudya chitsulo, mukadya kwambiri mbali imodzi muvi umayamba kuuluka mokhota.

Zida sizofuna ndalama zambiri. Tupa yathyathyathya ya mano ang'onoang'ono, ena amati fayilo, ya mainchesi 8 kapena 10, m'mahadiweya a pa boma pano imapezeka, ingoonetsetsani kuti ili ndi chogwirira. Mwala wonolera wa mbali ziwiri uja, yokhakhala ndi yosalala. Ngati mulibe mwala gulani sandipepa wakuda wa madzi amene amagwiritsa ntchito openta magalimoto, nambala 400, 600, 1000, ndipo mukapeza 2000 ndiye bho kwambiri, muzimuyala pa chidutswa cha galasi la pawindo kuti pakhale pofanana. Pentopeni yakuda. Lamba wachikopa wakutha, chikopa chenicheni osati wa pulasitiki uja. Kathabwa, madzi, kansanza, ndi timphira tomangira ndalama toyesera. Vayisi ikakhalapo imathandiza koma ine zaka zambiri ndakhala ndikungopanikiza muvi m'mphepete mwa benchi.

Galayinda ayi. Ndikudziwa kuti pamsika pali anyamata onola zikwanje ndi makasu pa galayinda yamagetsi, mphindi imodzi watha, koma mutu wa muvi ndi wopyapyala kwambiri, umatentha nthawi yomweyo. Mukaona m'mphepete mwasanduka mwabuluu kapena mofiirira ngati udzu wouma, dziwani kuti chitsulo chapsa, kulimba komwe anachipatsa pochizimitsa m'madzi kapena m'mafuta kwathawa, pamenepo olo munole bwanji pazingopindika. Ndinaonongapo timitu tiwiri ta achimwene mwanjira imeneyi chifukwa cha changu, mpaka lero zimandiwawa chifukwa kuno sitipezeka.

Choyamba, musanole mutu uli m'manja mwanu wokhawokha, zala zimakhala pafupi kwambiri ndi podula. Umangeni pa kachidutswa ka muvi wothyoka kotalika ngati chikhatho ndi theka, kakhale chogwirira. Wakumudzi mutha kuusiya pabango pake pomwepo kapena kukhomera mchira wake m'kamtengo. Kenako chotsani dzimbiri, magazi akale ndi dothi ndi sandipepa wa 400 wonyowa. Pamenepa ndi pomwe mumaona ngati pali mng'alu, makamaka pomwe tsamba lakumana ndi mchira. Wong'aluka tayani, kapena kausulitseni kukhala china, ukakumana ndi fupa udzathyokera mkati.

Muonenso ngati uli woongoka. Imikani muvi wonse pa nsonga yake pa thabwa n'kuuzungulitsa ndi zala ngati nguli, mukaona ukugwedera pomwe mutu wakumana ndi bango ndekuti wakhota, konzani zimenezo kaye. Kunola muvi wokhota ndi kutaya nthawi, ukathwa bwino koma sukafika pomwe mwaloza.

Tsopano tengani pentopeni mupake m'mphepete monse momwe mukufuna kunola, mbali zonse, pade bii. Kanzeru aka ndinakamva kwa achimwene ndipo kanandisintha kwambiri, chifukwa maso paokha amanama. Mukadutsitsa tupa kawiri katatu, yang'anani pomwe inki yachoka. Ikachoka kumtunda kokha, kutali ndi kothwa, ndekuti tupa mwaigoneka kwambiri, simukufika pakamwa penipeni. Ikachoka kunsonga ya m'mphepete kokha ngati kaulusi, mwaiimika kwambiri, mukupanga chitsulo chonenepa ngati nkhwangwa. Chofunika ndi chakuti inki ichoke yonse kuyambira pomwe kutsetsereka kwayambira mpaka kothwa.

Nkhani ya kapendekedwe ndi yomwe imagwetsa anthu ambiri. Pa mutu wa timipeni tiwiri wonoledwa mbali zonse, mumafuna madigiri pakati pa 20 ndi 25 mbali iliyonse. Musaope manambalawa. Tengani pepala, kona yake ndi 90, lipindeni pakona pomwepo mupeza 45, lipindeninso kachiwiri mupeza 22 ndi theka, ndiye kameneko kaikeni pambali muzifanizira. Koma kunena zoona 20 kapena 25 si nkhani yaikulu, nkhani ndi yoti mukasankha kapendekedwe kamodzi mukhale pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzanja likamasinthasintha, m'mphepete mumabulungira, mumanola ola lathunthu thukuta lili kamukamu muvi osathwa. Agogo ankapanikiza chigongono m'nthiti, dzanja osapinda pamfundo, thupi lonse ndi lomwe limayenda, ndipo ine ndimachitabe chomwecho.

Ndiye gonekani mutu m'mphepete mwa benchi, nsonga iloze kutali ndi inu. Tupa imadya popita kokha, pobwera muziinyamula, mukamaikhukhuza uku ndi uku ngati mukucheka thabwa mukuipha mano. Yambirani kumbuyo kwa tsamba, kukankha mosathamanga mpaka kunsonga, ulendo umodzi utenge m'mphepete monse. Muziwerenga. Ine ndimapanga khumi mbali iyi, ndikatembenuza khumi mbali inayo, kenako ndipite ku mpeni wachiwiri chimodzimodzi. Ngati pali pobenthuka chifukwa muvi unamenya mwala, musamangokumba pamalo pomwepo, mupanga chigwa, dyani m'mphepete monse mofanana mpaka pobenthukapo pathe. Mano a tupa akadzaza tizitsulo ipukuteni ndi bulashi yawaya, ndipo mukaipaka choko musanayambe sidzaza msanga.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse, nde ndichedwapo pang'ono. Mukamanola mbali imodzi, chitsulo chimapyapyala mpaka kumapeto kwenikweni kumapindikira mbali inayo, kumapanga kanthu kakang'ono kokhakhala komwe ine ndimati kandevu. Simungakaone bwino ndi maso koma chala chimakamva. Ikani chala chachikulu pakati pa tsamba kumbali yomwe simunanole, ndiye muchitsetserekere kunja kudutsa m'mphepete, osati motsata m'mphepete ayi, mudzicheka. Mukamva kakukodola ngati ndevu za dzulo, ndiye kuti tupa yafika kumapeto. Kandevu kameneka kayenera kumveka kuyambira kumbuyo mpaka kunsonga, osadumpha. Pomwe palibe ndekuti pamenepo mbali ziwiri sizinakumane, ndi pobunthabe olo pakhale pakuwala bwanji. Ambiri amathamangira mwala wosalala ndi lamba kandevu kasanabwere, nde amangopukuta chitsulo chobuntha kuti chinyezimire. Ine ndinachita zimenezo kwa zaka, ndimadabwa kuti bwanji mivi ya agogo imameta koma yanga ayi, chonsecho mwala ndi womwewo. Tsiku lina anandigwira chala n'kuchidutsitsa pa muvi wawo, amvekere "wamva? usachoke mbali imeneyi usanamve chimenechi." Kuyambira pamenepo zinatheka.

Kandevu kakamveka mbali yonse, tembenuzani, nolani mbali inayo mpaka kabwerere komwe munayambira. Zikatero ntchito ya tupa yatha, ndipo kuyambira pano mphamvu muzichepetsa. Alenje ena akale, ngakhale Fred Bear wa ku America amene ankapanga mauta ndi timitu totchedwa Razorhead, ankakonda kuthera pa tupa pomwepa, kungopepuza dzanja mpaka kandevu kachoke, chifukwa m'mphepete mwa tupa mumakhala timano tosaoneka tomwe timagwira bwino chikopa cholimba. Pa mivi ya misomali inenso ndimathera pomwepo, chitsulo chofewa sichisunga kuthwa kwa lezala, kungotaya nthawi. Koma pa chitsulo chabwino ndimapitiriza, chifukwa cha nkhani ya bala losalala ija.

Mwala unyowetseni kaye. Ngati ndi womwe mwakhala mukuthira mafuta pitirizani mafuta, ngati ndi wa madzi pitirizani madzi, osasakaniza. Pakaninso pentopeni, kapendekedwe komwe kaja, yambani mbali yokhakhala kenako yosalala. Pa sandipepa muzikoka chobwerera, kothwa kuzitsalira m'mbuyo, mukakankha chopita kutsogolo mung'amba pepala. Yambani 400, mizere ya tupa ikafafanizika pitani 600, kenako 1000. Musadumphe kuchoka pa tupa kupita pa 2000, pepala losalala silingafafanize mizere yakuya, mungotopa. Pa nambala iliyonse kandevu kamabweranso koma kakucheperachepera. Pomaliza muzisinthana, kamodzi uku kamodzi uku, dzanja lopepuka kwambiri moti kulemera kwa mutu wa muvi kokha ndi komwe kukugwira ntchito. Kandevu kamatopa ndi kupindidwa uku ndi uku, kenako kamathothoka, nthawi zina mumakaona pamwala ngati katsitsi kowala.

Mukakhala kuti mwala wosalala mulibe, tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, pansi pake pali kamkombero kosapakidwa, kokhakhala pang'ono, kamamaliza bwino zedi.

Kenako lamba. Mukhomereni pa kathabwa mbali yokhakhala ili kumwamba, kuti asamapindike, chifukwa lamba wolendewera amabulungiza m'mphepete ngati dzanja silinazolowere. Pakanipo pang'ono polishi wa zitsulo ngati Autosol, mukasowa olo mankhwala otsukira mano oyera aja amathandizako. Kokani chobwerera, kothwa kutsalire m'mbuyo, maulendo 15 kapena 20 mbali iliyonse, ndipo pofika kumapeto nyamulani molunjika, osagudubuza dzanja. Lamba akayamba kuda ndekuti akudya, zili bwino. Apa ndi pomwe muvi umachoka pa kuthwa kwa mpeni wa kukhitchini kufika pa lezala.

Nsonga payokha imafuna nzeru ina. Mtima umafuna kuti ikhale yosongoka ngati singano, koma nsonga yotero ikamenya fupa imapindika ngati mbedza, ndipo ikapindika muvi wonse umaima pomwepo. Bola kuifupikitsa pang'ono, millimita imodzi kapena ziwiri zakumapeto muzinole moimika kuti pakhale kansonga konenepa koma kakuthwa mbali zonse. Pa mivi ya misomali izi ndi zofunika kwambiri.

Wa timipeni titatu ndi wosavuta kuposa onse, bola timipeni take tikhale toongoka. Mumangougoneka pa tupa yaikulu kapena pamwala, timipeni tiwiri tigunde pansi nthawi imodzi, kapendekedwe kamadzipanga kokha, madigiri 30 mbali iliyonse. Kankhani kasanu, zungulitsani, kasanu, zungulitsani, kasanu, kenako kanayi kanayi, katatu katatu mpaka kamodzi kamodzi mopepuza. Chala chizipanikiza pakati kuti kumbuyo ndi kunsonga kudyeke mofanana. Sumeta mosavuta ngati wa timipeni tiwiri chifukwa pakamwa pake ndi ponenepa, musadandaule nazo, bola uzidula mphira.

Wa single bevel nolani mbali yotsetsereka yokha, motsata kapendekedwe komwe anapanga kufakitale, pentopeni ikuuzani. Kumbuyo kwathyathyathya musapangeko kutsetsereka kwina, mungougoneka fulati pamwala wosalala kamodzi kapena kawiri kuchotsa kandevu basi. Mtundu umenewu umazungulira ukamalowa m'nyama ndipo umatha kung'amba fupa, Dr Ed Ashby amene anafufuza kwa zaka zambiri za kalowedwe ka mivi, kuyambira ku Natal ku South Africa, ndi amene anautchukitsa. Mukaunola mbali zonse mwaupha ntchito yake. Muonenso kuti kupendekera kwa nthenga za kumbuyo kwa muvi kukugwirizana ndi mbali yomwe mutu wanoledwa, zikasemphana muvi umazungulira kwina mumlengalenga n'kufuna kuzungulira kwina ukalowa.

Pali ena a timipeni tochotseka topyapyala ngati lezala, ndi ena otseguka okha akamenya nyama. Amenewo anapangidwa kuti muzingosintha timipeni, koma poti kuno kupeza tatsopano mpaka wina abwere kuchokera ku Joni, mutha kutichotsa, kutigwira ndi pulaya, n'kutidutsitsa pa 1000 ndi pa lamba. Tupa musayerekeze, itha kutidya tonse. Kopindika tayani.

Kuyesa kwake. Kumeta tsitsi la pamkono ndi komwe aliyense amadziwa, ndipo kumagwira, ingosamalani, muzimeta mogoneka. Ine ndimakhulupirira kwambiri timphira. Kokani timphira tingapo pakati pa misomali iwiri kapena pa kamtengo ka mphanda ngati legeni, tikhale tokokeka pang'ono, ndiye mudutsitse mutu wa muvi pakati pake pang'onopang'ono osakankha mwamphamvu. Wakuthwa umadula tonse ukangokhudza, thapu thapu, wobuntha umatikankhira pambali n'kudutsa, ndipo zomwe mwaona pamenepo ndi zomwe zikachitike ndi mitsempha. Njira ina ndi kuyang'ana m'mphepete molunjika padzuwa kapena pa tochi ya foni. Pakuthwa sipaoneka, palibe poti kuwala kugwere. Mukaona kamzere kowala kapena timadontho tonyezimira, pamenepo ndi pobuntha, bwererani pamwala. Muyese mpeni uliwonse pawokha, kumbuyo, pakati ndi kunsonga, chifukwa kawirikawiri kumbuyo ndi komwe kumatsalira, chonsecho ndi komwe kumadula bala lalikulu.

Wina andifunsa za kombe, ndikudziwa, chifukwa nkhani ya mivi ikayamba akuluakulu amaitchula. Zoona makolo athu a m'mbali mwa Shire ankapaka mivi ulembe, poizoni wochokera ku njere za chomera chotchedwa kombe. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone pomwe anadzafika kunyanja kuno mu 1859, anazindikira mphamvu yake mswachi wake utakhudzana ndi kombe m'thumba, atatsuka mano anamva mtima ukugunda pang'onopang'ono. Kenako Thomas Fraser ku Edinburgh anaufufuza mpaka panatuluka mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo mtengowo asayansi amautchula Strophanthus kombe, dzina lathu lomwe lija. Ndi mbiri yoti tizinyadira, koma lero kusaka ndi poizoni ndi koletsedwa, komanso taganizani munthu amene ukunola chitsulo ndi manja, kudzicheka kamodzi kokha pa muvi wopakidwa zimenezo ndi maliro. Mukapeza mivi yakale ya agogo ili ndi zakuda zomata kumbuyo kwa tsamba, musainole, musaipatse ana.

Za kudzicheka, zidzachitika ndithu tsiku lina, nde khalani okonzeka. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, panikizani ndi nsalu yoyera, bala likakhala lakuya kapena chitsulo chinali chadothi ndi dzimbiri pitani kuchipatala akakubayeni ya kafumbata, osadikira kuti litupe. Musanole mutatopa, musanole kukuda, ndipo ana akhale patali, mwana amabwera mwakachetechete kumbuyo n'kugwira chomwe chikuwala.

Kuno kunyanja mdani wamkulu ndi dzimbiri. Chinyezi cha nthawi ya dzinja, thukuta la mu Okutobala, olo chala chimodzi chokha chonyowa pa chitsulo chongonoledwa kumene, mawa mupeza kachizindikiro kofiira, ndipo dzimbiri limayambira pomwe pali popyapyala kwambiri, ndekuti pakamwa penipeni pomwe mwavutikira. Mukamaliza pukutani mutu uume, pakani vaselini pang'ono kapena mafuta a makina osokera. Ngati nyama yake ndi yodya bola vaselini kapena mafuta ophikira, oyilo wakuda wa galimoto ayi. Mafuta ophikira amamata akakhalitsa nde muzipukuta ndi kupakanso. M'phodo mivi isamagundane, agogo ankaika ziguduli pansi pa phodo ndipo mutu uliwonse ankaukulunga pakachikopa kake, ine ndimabaya timitu mu chidutswa cha siponji yolimba kapena patapata wakutha, kalikonse pakepake. Kungoyenda nayo m'phodo tsiku lonse, kulowetsa ndi kutulutsa, kumadya kuthwa pang'onopang'ono olo simunaponye.

Ndipo muvi womwe mwaponyapo, kaya pa thumba la mchenga, kaya pa tsinde la nthochi, kaya munaphonya unalowa m'dothi, umenewo ndi wobuntha basi, mchenga wathu uno umadya chitsulo kuposa sandipepa. Khalani ndi timitu tiwiri tophunzirira tolemera mofanana ndi tosakira, mutipake penti kuti musasokoneze, tosakirato tizikhala tosagwiritsa mpaka tsiku lake. Ine madzulo oti mawa ndinyamula uta ndimatulutsa yonse, ndimayesa uliwonse pa timphira, womwe wakankha m'malo modula umabwerera pa 1000 ndi pa lamba, ukakanabe umatsala kunyumba. Kachidutswa ka lamba ndi kamwala kakang'ono zimakhala m'thumba la malaya, zokulunga m'kansanza ka mafuta.